Mzere Umene Lusiya Sanawerenge

"Uwerenge monga zalembedwera. Usachotsepo, usawonjezerepo," anatero Mavuto, akumupatsa mlongo wake pepala.

Lusiya anali kuseri kwa nyumba, akutsuka makapu a anthu odzapepesa maliro. Anapukuta manja pachitenje n'kulandira. Inali mbiri ya bambo awo, malemu Ambrosi Kampira, yoti iwerengedwe mawa lake mtembo usananyamuke kupita kutchalitchi. Achibale anagwirizana kuti awerenge ndi Lusiya, ati poti ndi mphunzitsi mawu ake sanjenjemera.

Anawerenga chamumtima. Zonse zinali m'malo mwake. Anabadwira ku Nsanje, anabwera ku Blantyre ali mnyamata, ukalipentala anauphunzira ku Ndirande, anakwatira a Sofiya, anatsogolera mapemphero a mphakati wa Akatolika ku Chilobwe kuno zaka zoposa makumi atatu. Koma pansi penipeni panali mzere wowonjezera, wolembedwa ndi dzanja lina: Asanatisiye, malemu anasanjika dzanja pamutu pa a Hawkins Mwabi ndi kunena kuti Mulungu wawadzoza kuti atsogolere dera lino.

"Achimwene, izi walemba ndani?"

"Zachokera ku ofesi."

"Ofesi ya ndani? Ababa anali ndi ofesi?"

Mavuto anangoyang'ana chakumsewu kumene kunali tenti.

A Hawkins Mwabi ankapikisana nawo pa mpando wa phungu, ndipo Mavuto anali mkulu wa anyamata awo a kampeni. Chisankho chinali chikadali kutsogolo, koma anyamatawo anali atayamba kale kuwatchula Olemekezeka. Kupemphera kwake munthu ameneyo, eee, musachite kufunsa! Loweruka mumawapeza kwa a Sabata. Lamulungu m'mawa agwada kutsogolo pa Misa yoyamba. Dzuwa likamafika pamutu ali ku Pentekoste, manja m'mwamba, maso otseka, wojambula wawo ali pambali maso otsegula. Baibulo lawo linkakhala pagalasi la kutsogolo kwa galimoto mpaka chikuto chinasuluka ndi dzuwa. Ku maliro sankajomba. Ndiwo anabweretsa tenti imene inatseka msewu, mipando ya pulasitiki, zokuzira mawu, ndi bokosi lonyezimira limene a Ambrosi, akanakhala moyo, akanaligogoda ndi chala n'kupukusa mutu.

Ndiye panalinso chithunzi. Chinayamba kuzungulira m'mafoni, kenako chinamatidwa pamitengo ya magetsi kuchokera pamsika wa Chilobwe mpaka ku Zingwangwa. Chinkaonetsa a Hawkins atagwada pambali pa bedi, dzanja lowonda la a Ambrosi lili pamutu pawo. Pansi pake analembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti WODZOZEDWA.

"Ababa sananene zimenezi," anatero Lusiya.

"Chithunzi sichinama, iwe."

"Chithunzi chilibe makutu, achimwene. Ine ndinali m'chipindamo. Inu munali panja."

"Chabwino. Ndiye anati chiyani?"

Lusiya anabwezera maso papepala.

"Waonatu. Ulibe chonena." Mavuto ananjuta pambali pake n'kutsitsa mawu. "Tamvera, mwana wa mayi anga. Bwanawa akawina, ambulansi ya dera woyendetsa ndine. Alamu ako ndi oyembekezera. Ndatopa kuzungulira mu Limbe ndi matchaja a foni m'manja. Mzere umodzi wokhawu, Lusiya. Ukaudumpha ine ndathera pomwepo."

Mavuto anatola kapu m'madzi, n'kuibwezeramo.

"Komanso ukudziwa wekha. Zaka ziwiri ababa osandiyang'ana kumaso bwinobwino. Nditaona dzanja lawo pamutu pa bwana wanga, mtima unakhala pansi. Ndinati basi, andikhululukira. Chimenechi chokha usandilande."

Anadzuka n'kubwerera kutenti. Lusiya anatsala ndi pepala m'manja, atamukwiyira mchimwene wakeyo, komanso akumumvera chisoni kwambiri.

Zimene Lusiya ankadziwa zinayambira chaka cha namondwe wa Freddy, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba kumtunda kwa Chilobwe. Opulumuka ankagona m'makalasi. A Hawkins anadziika wapampando wa kakomiti kogawa ufa wa chithandizo, ndipo mndandanda wa maina ankagwira ndi Mavuto. Kugawa kulikonse kunkayamba ndi pemphero ndi vesi. Koma poitana maina, ena ankasowa. Limodzi linali la a Emily, mayi wamasiye amene anthu ankawatchulabe amake Onesimo ngakhale Onesimoyo anapita ndi matope. Mlandu wawo unali woti anaoneka atavala nsalu ya chipani china. Inali nsalu youma yokhayo imene munthu wina anawafunditsa atawavuula.

Tsiku la chithunzi lija, a Hawkins anafika ndi Mavuto ndi wojambula, ati kudzazonda matenda. A Ambrosi anali atatupa miyendo, mpweya ukuperewera. Anauza onse atuluke kupatula mlendoyo ndi Lusiya, amene ankawachirikiza kumsana. Kenako anati, "Gwadani apa." A Hawkins anagwada mokondwa. Nkhalamba inawagwira pamutu kuti asadzuke msanga, n'kuyamba kutchula maina a anthu ofufutidwa aja, limodzilimodzi, osadumphapo.

"Dzanja ili mwagwira Baibulo, linalo mukufufuta maina a amasiye," anatero a Ambrosi, akupumira m'mwamba. "Chimene chikundipweteka, cholembera munachipereka kwa mwana wanga. Ine ndikupita, bambo. Kumeneko ndikakanene chiyani za inu?"

A Hawkins analira. Inali misozi yeniyeni, Lusiya anaiona ikudontha pasimenti. Anati akonza, anati awayendera anthuwo mmodzimmodzi. Nthawi yomweyo katani ya pakhomo inasuntha pang'ono, kamera n'kuthwanima.

Alendo atachoka, a Ambrosi anamugwira mwana wawo pamkono. "Munthu uja wagwada m'nyumba mwanga. Zimene wamvazi zikadzatuluka, zidzatuluke pakamwa pa mwini wake, osati pako. Ukamuvula pagulu, wavulanso mlongo wako. Wandimva?"

Lusiya anati wamva. Chithunzi chitatuluka sanawaonetse, poti anali atafooka kale. Ndiye lero ndi izi: bodza sakanatha kuliwerenga, choona sakanatha kuchinena.

Tsiku loika maliro kunacha ndi chiperoni. Kamvula ka mawawa kankanyowetsa mipando ya m'mphepete mwa tenti, phiri osaoneka. M'nyumba amayi a mphakati ankaimba atazungulira bokosi, a Sofiya ali pakati pawo atafunda kumutu. Cha m'ma naini galimoto ya a Hawkins inaima pafupi ndi mpope wa madzi. Lusiya anaifikira eni ake asanatseke chitseko.

"Bambo Mwabi, ndikuoneni pang'ono."

Anyamata awiri anafuna kumutchinga, koma a Hawkins anawakupiza ndi dzanja. Anali atavala suti yakuda, kamtanda kagolide pakolala.

"Mwana wanga, pepa kwambiri. Tataya mzati wa mpingo."

Lusiya anapinda mawondo mwaulemu n'kuwaonetsa pepala, chala chili pamzere uja. "Uwu ine sindiwerenga."

"Aaa, koma ndamva kuti banja lagwirizana."

"Ndinali m'chipindamo, bambo. Kansalu kopukutira misozi ndinakupatsani ndine."

Nkhope ya a Hawkins inagwa. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anafunsa motsitsa, "Ndiye ukufuna ukazinene pagulu?"

"Ayi. Ababa anandiletsa. Pakamwa panga sipadzatuluka kanthu, lero kapena mawa. Ngati mukufuna mawu amenewa amveke, muwanene nokha mutaima pafupi ndi bokosi lawo. Chimene ndikupempha n'chimodzi. Achimwene anga alibe mlandu. Pepala andipatsa, wakana ndine."

A Hawkins anamuyang'anitsitsa. "Wati anakuletsa?"

"Eya."

"Anali munthu wa Mulungu zedi," anatero, n'kukonza kolala.

Lusiya anabwerera mtima utapepukako. Ankakhulupirira kuti munthu amene analira chotero sangaime pamaso pa mtembo n'kunama. Mwana wa kalipentala ameneyu za ndale sankazidziwa. Sanazindikire kuti wangowauza a Hawkins chinthu chokhacho chimene ankafuna kumva.

Bokosi litatulutsidwa panja, woyendetsa mwambo anaitana Lusiya. Anaima, maikolofoni m'manja, n'kuyamba. Za ku Nsanje anawerenga bwinobwino, za ukalipentala chimodzimodzi. Atafika pa mawu akuti asiya mkazi ndi ana awiri, mawu anathawa. Anayambiranso n'kumaliza. Kenako anapinda pepala.

"Mbiri ya bambo athu yathera pamenepa. Zikomo."

Kumbuyo kwa tenti, kumene kunaima anyamata ovala malaya a kampeni, kunamveka manong'onong'o. Mavuto anangoti maso tong'o, kenako anaweramitsa mutu n'kugwira kumaso.

Analankhula a kuchimuna, analankhula a mphakati. Pomaliza woyendetsa mwambo anati, "Tsopano tilandire mawu a chipepeso kuchokera kwa Olemekezeka."

A Hawkins anayenda pang'onopang'ono, Baibulo losuluka lija m'khwapa, mpaka anaima pamutu penipeni pa bokosi.

"Aleluya!"

Amayi a mphakati anangoyang'ana pansi, poti kwawo pamaliro sakuwa chotero. Koma amayi ovala nsalu za chipani, amene anabwera pa basi, anayankha mwamphamvu, "Ameni!"

Anayamba ndi nkhani ya Samueli, mmene anapitira kwa Yese ndi nyanga ya mafuta, nadutsa ana onse amphamvu mpaka anapeza Davide. Ankalankhula bwino, pamenepo tisawanamizire. Mawu ankakwera, n'kutsika, n'kunjenjemera pamalo oyenera.

"Abale anga, ine sindinabwere kudzachita ndale. Ndale pamaliro ayi! Koma ndingabise bwanji zimene Mulungu wachita? Nkhalamba yagona apayi inandiitana. Inatulutsa anthu onse. Inandigwira pamutu pano, inati, Hawkins, Mulungu wakusankha, pita ukatumikire anthu anga. Ine ndinalira, abale. Ndinalira ngati mwana. Mboni ilipo."

Anatembenuka n'kuloza Lusiya.

"Mwana wawo uyu anali momwemo. Lusiya, mwana wanga, auze anthuwa. Sindinalire?"

Anamutambasulira maikolofoni mpaka pakamwa. Tenti yonse inatembenuka. Maina onse aja anali palilime pa Lusiya, kuyambira la amake Onesimo. Kukanangotenga mpweya umodzi. Anayang'ana bokosi. Anayang'ana Mavuto, amene tsopano anali atadzutsa mutu, maso ofiira, akumuyang'ana ngati munthu wodikira zotsatira za kuchipatala.

"Munalira," anatero Lusiya.

Nthungululu zinaphulika. Anyamata anaimba mluzu, wina anayambitsa nyimbo ya chipani imene anaiveka mawu a kutchalitchi. A Hawkins anakweza Baibulo m'mwamba, wojambula n'kugwada kuti awatenge bwino. Lusiya anakhala pansi pamphasa. Sanachitepo manyazi otero chibadwire.

Zotsalazo anaziona ngati zikuchitikira patali. Pakhomo la tchalitchi bambo mfumu analamula kuti nsalu ya chipani imene anyamata anayala pabokosi ichotsedwe, ndipo inachotsedwa. Misa itatha anyamata anaiyalanso m'galimoto. Kumanda nkhata yaikulu kuposa zonse inali ya a Hawkins. Anaiika, anawerama, anajambulitsa, n'kuthamangira maliro ena ku Bangwe adzukulu asanamalize kukwirira.

Kutacha, anyamata anabwera kudzapasula tenti. Pamsewu panatsala mabowo a zikhomo ndi mapepala onyowa. Achibale ambiri anali atapita kukakwera basi ya ku Nsanje. Mavuto ankasanja mabenchi a mphakati pafupi ndi kashedi kamene bambo awo ankapaliramo matabwa. Chiyambire dzulo lake iye ndi mlongo wake anali asanalankhulane.

Lusiya ankasesa pabwalo. Atafika pakhonde pamene panakhala mayi ake, tsache linagwa m'manja.

"Amayi, ndawagulitsa ababa. Ndinaima pamaso pa anthu n'kuchitira umboni bodza. Tsopano Chilobwe yense azidzati a Kampira anafa akudzoza wandale."

A Sofiya sanafulumire. Anali mayi wa mawu ochepa, ndipo masiku atatuwa anali atachepanso.

"Khoma la chipinda chathu ndi lopyapyala, mwanawe. Ndinamva zonse tsiku lija, ndi zimene anakuuza iwe ndinamvanso. Wasunga mawu awo. Khala pansi."

"Nanga dzina lawo?"

A Sofiya asanayankhe, pageti panamveka odi wamanyazi. Anali mayi wowonda, wovala juzi yaimuna, beseni lalikulu lachitsulo m'khwapa. Lusiya anawazindikira. Anali amake Onesimo.

Anafika pakhonde, anagwada, anapereka moni. Kenako anakankhira beseni kutsogolo.

"Ndati ndibweze ili, amayi. A Kampira atadwala linatsalira kwathu. Dzulo sindikanabwera nalo, kunali anthu."

Lusiya analiyang'ana. Linali beseni la pakhomo pomwepo, lokhala ndi chigamba cha lata pansi, limene mayi ake ankati linabwerekedwa.

"Linkatani kwanu, amayi?" anafunsa.

Amake Onesimo anayang'ana a Sofiya ngati akupempha chilolezo. A Sofiya ndiwo anayankha, ndipo anakweza mawu pang'ono kuti afike kukashedi.

"Mavuto, tabwera kuno."

Mavuto anabwera. Ataona mlendoyo anaima chapatali, manja osowa powaika. Amake Onesimo nawo anayang'ana kumbali.

"Matumba a ufa amene unkabweretsa kuno aja," anatero a Sofiya, "ochokera kwa bwana wako aja, ukuyesa tinkadya ife?"

"Nanga ankapita kuti?"

"Bambo ako sankakukaniza, kuopa kukuchititsa manyazi. Ankangoti zikomo, ika apo. Ukachoka, ankakhuthulira m'besenili n'kukwera nalo phiri. Mwezi uno kwa amake Onesimo, mwezi winawo kwa Ambuye Rafaeli opuwala aja, winawo kwina. Onse amene anasowa pamndandanda. Ukapanda kubweretsa, ankatapa wathu. Anasiya pamene miyendo inakana."

Kumsewu kondakitala ankaitanira anthu a mtauni.

Mavuto anatembenukira kwa mlongo wake.

"Lusiya. M'chipinda muja... ananditchula ine?"

Lusiya anamuyang'ana m'maso, misozi ikutsika, koma sananene kanthu. Mavuto anadikira. Atadikira mokwanira anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kupukuta kumaso ndi chikhatho.

"Chikanakhala chidalitso ukanandiuza kalekale," anatero.

"M'chipinda chako chakale mwatsala ufa wa pamaliro," anatero a Sofiya. "Katenge thumba limodzi."

Mavuto analowa n'kutuluka nalo paphewa. Pathumbapo panali nkhope ya a Hawkins ikumwetulira, pansi pake vesi lonena za kudyetsa anjala. Analitsitsa pamapazi pa amake Onesimo.

"Ayi, osati choncho," anatero mayi ake. "Khuthulira m'beseni. Bambo ako sankalola kuti munthu asenze nkhope ya mnzake pamutu chifukwa cha njala."

Mavuto anamasula thumba n'kukhuthula. Ufa unafuka n'kumuyeretsa mikono.

"Tsopano yala nyuzipepala pamwamba. Ukatero katenge tizidutswa ta matabwa m'kashedimo, usanje. Anthu m'njira ankaona ngati a Kampira akukapereka nkhuni. Ngakhale oyandikana nawo nyumba sankadziwa."

"Zoona," anatero amake Onesimo chapansipansi. "Ankafika n'kunena mokweza kuti, amayi, zinyalala za kushedi zija ndi izi, mundithandize kutaya."

Lusiya anaseka pang'ono misozi ili m'masaya, poti anawamva bambo ake m'mawu amenewo, ndi kakweza kawo ka mawu komwe.

Mavuto anapita kukashedi. Anagwada pansi pa benchi ya bambo ake n'kutola tizidutswa ta mkungudza ndi ta paini. Anabwera nato m'manja n'kuyamba kusanja pamwamba pa nyuzipepala, kamodzikamodzi, akutseka mipata, mpaka ufa wonse unabisika. Amake Onesimo anayamba kupinda chitenje kuti apange nkhata yosenzera.

"Siyani, amayi," anatero Mavuto.

Anadzutsa beseni, analikhazika paphewa, n'kudzandira pang'ono chifukwa linali lolemera kuposa mmene ankaganizira. Pageti anaima n'kupatuka.

"Tsogolani, amayi. Ine kwanu sindikudziwako."